Chipolopolo Chopanda Onga

Glenys Petrakis ankayanika zovala kuseri kwa nyumba pamene anamva kugogoda m'shedi. Loweruka lililonse Merv, mwamuna wake, ankabwera kuchokera ku kalabu ya owombera mfuti dzuwa litapendeka, atamwa mabotolo ake awiri ndiponso atanamiza anzake mokwanira. Lero kapikapu kake kanali kataima kale pabwalo teni koloko isanakwane, ndipo mwini wake sanadzere n'kukhitchini komwe kukafunsa tiyi. Go! Go! Go! Glenys anatchera khutu. Munthu sungakhale zaka pafupifupi makumi anayi ndi mwamuna wa mfuti osadziwa kulira kwa kandodo ka mkuwa kakamakhomeredwa mumpope wa pisitolo.

Anasiya malaya m'beseni n'kulunjika komweko. Anam'peza atawerama pa tebulo, thukuta lili kamukamu, nyundo ili m'manja.

"Chatsakamira n'chiyani?"

"Palibe. Ndikungoitsuka."

"Aa, masiku ano mfuti tikutsuka ndi nyundo? Ndiye ine ndatsalira."

Merv anagogodanso kamodzi mwaukali, ndipo mutu wa chipolopolo unatuluka, unagubuduka pa tebulo n'kugwera pafupi ndi phazi la Glenys. Anautola. Unali wathunthu, wongokandika m'mbali. Sanafunikire womuuza. Chipolopolo chikakhala chopanda onga, kabatani koyatsira kamene kali kunsi kwa khoko lake la mkuwa kamaphulikabe, kamakankha mutu pang'ono chabe, mutuwo n'kuima pakati pa mpope. Ukapanda kumva n'kuwombanso, mfuti imang'ambikira m'manja mwako.

"Chachokera m'chidebe chimenechi?" anafunsa, akuloza chidebe chachikulu cha penti chimene chinali pansi pa makina odzazira zipolopolo.

Merv anayang'ana kukhoma.

"Ndikufunsa iwe, Mervyn. Chachokera m'chidebe chimenechi?"

"Chimodzi chokha. Pa zikwi ziwiri, chimodzi. Ndiye ukufuna undidye wamoyo?"

M'chidebe chomwecho ndimo munachokera zipolopolo mazana asanu zimene mwana wawo Tegan ananyamula kupita nazo ku Perth. Anayenda masiku atatu pa galimoto kuchokera kuno ku Whyalla, chifukwa pa ndege salola katundu wotere wambiri. Mpikisano wa dziko lonse unali woyamba lero lomwe, wani koloko ya kumeneko, ndipo ochita bwino ndi amene akanalowa m'timu ya dziko. Tegan anali atakonzekera zaka zinayi. Ndipo Tegan akamawomba, chala chimathamanga kuposa khutu. Zinayi zimatuluka munthu usanaphethire kawiri.

Kwa zaka makumi awiri makina amenewa ankayenda ndi anthu awiri. Ali ndi mbale yozungulira ya mipando isanu, ndipo ukatsitsa mkono wake kamodzi makoko asanu amagwiriridwa ntchito nthawi imodzi: lina likukonzedwa, lina likulandira onga, lina likuyesedwa, lina likuvekedwa mutu, lomaliza likufinyidwa pakamwa n'kugwera m'kabokosi. Merv ankatsitsa mkono. Glenys ankakhala kumanzere pa kampando kopanda choyedzamira, n'kumaika mutu pa khoko lililonse ndi zala zake. Asanaike ankasuzumira. Zaka zonsezo palibe khoko limene linatsekedwa diso lake lisanaone onga m'kati. Pa mpando wachitatu panalinso kachitsulo kamene kankalira piii onga ukachepa kapena ukachuluka, ndipo iwo ankakatcha mlonda. Zipolopolo za tsiku lililonse Glenys ankaziika m'kontena yakeyake ya ayisikilimu n'kulembapo tsikulo.

Kenako Merv anapuma pantchito ku fakitale ya zitsulo. Mwamuna wopuma pantchito ndi vuto m'nyumba, koma akakhala ndi foni yoonera mavidiyo vutolo limakula. Mwezi wathawu kunabwera chikatoni. M'katimo munali chogwetsa mitu: chimphika chapulasitiki chokhala pamwamba pa makina, chimene chimazungulira chokha ndi magetsi, kutola mitu, kuiimika bwino n'kuitsetsereza m'kapaipi umodziumodzi mpaka pa khoko. Koma chinthucho chimafuna mpando wakewake, ndipo mipando ndi isanu basi. Merv anamasula mlonda.

"Tsopano upume, mayi," anatero tsiku limenelo, akusisita chimphikacho ngati mwana. "Zala zako zija zinkatichedwetsa. Ichi n'chikwi chimodzi pa ola. Pita uzikaonera TV."

Zala zako zija zinkatichedwetsa! Glenys ananyamula kampando kake n'kukakaika kukhitchini, ndipo kuyambira pamenepo chinthucho ankachitcha mkazi mnzake. Chinkangoti kwerekwere m'shedi masana onse, Merv akuimba mluzu.

"Mkazi mnzangayu anakakamira kangati?" anafunsa tsopano.

"Sakakamira."

"Usandiyese mwana iwe. Sabata yoyamba ndinkakumva ukutukwana ndili kubafa. Kangati?"

Merv anapukuta khosi ndi chinsanza cha mafuta. "Mwina kakhumi. Chinkagwetsa mitu chadodolido ndisanachichune bwino."

"Ndiye pochotsa mutu wopendamawo mbale unkaizungulitsa ndi dzanja."

"Nanga ndikanatani?"

"Ndipo khoko linkadumpha onga. Kakhumi! Popanda mlonda, popanda diso la munthu, zonse n'kukhuthulira m'chidebe chimodzi ngati madeya a nkhumba. Chakomachakoma pusi adagwa chagada, bambo. Imbira mwana foni."

"Sindiimba. Ndimuuze chiyani? Atayire m'nyanja zipolopolo zake patatsala maola anayi? Za mfuti yake ija m'sitolo sizipezeka, ndipo zodzaza munthu wachilendo sitiwombera, lamulo limenelo ukulidziwa. Mtsikana uja ndinam'phunzitsa ndekha. Chipolopolo chikalira mosakhala bwino amachimva."

"Iweyo wachimva lero?"

Merv anapenya pansi. "Woyang'anira wa ku kalabu ndiye anakuwa," anavomera motsitsa mawu. "Ndinali nditalowetsa kale china."

Koma kuvomera kwa Merv sikukhalitsa. Nthawi yomweyo anatsitsa sikelo pa shelefu n'kunena kuti azingoziyeza, chopepuka ndicho chopanda onga, ndipo Tegan akhoza kubwereka sikelo kumeneko. Glenys anaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe. Makoko awo anali otola pansi ku kalabu, a makampani osiyanasiyana, ena olemera ena opepuka, ndipo kusiyana kwawo kunkaposa kulemera kwa onga wonse wa m'katimo. Merv ankazidziwa bwino lomwe zimenezi. Ndi iye amene ankaziphunzitsa kwa atsopano ku kalabu, chala chili m'mwamba ngati mbusa. Sikelo anaibwezera yekha.

Njira inatsala imodzi. Pali kanyundo kapulasitiki kobooka m'kati. Umalowetsamo chipolopolo, n'kumamenyetsa pa chipika mpaka mutu utuluke ndi onga ukhuthuke.

"Titsegule zana," anatero Merv. "Tikapeza china ndiimba ndekha. Tikapanda kupeza, nkhani yatha. Tagwirizana?"

Glenys sanagwirizane naye chilichonse, anangom'landa kanyundoko. Chilichonse chinkafuna kumenya katatu kapena kanayi. Ankamenya ndi mtima wonse, ndipo amene ankamuona m'maganizo pa chipikapo ankadziwika. Merv ankalandira khoko n'kukhuthulira onga m'kambale. Khumi, onga ulimo. Makumi asanu, ulimo. M'shedi munkatentha, malata akulira ndi dzuwa, ntchentche zikutera pamilomo. Atafika zana Merv anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Waona? Phokoso lonse lija la chabe. Tiye tikamwe tiyi."

Glenys anatola china. Anatolanso china. Merv anayamba kuyenda uku ndi uku akunena kuti pangano ndi pangano, mkazi wake osam'cheukira n'komwe. Pa cha zana ndi makumi atatu mphambu zisanu ndi ziwiri mutu unatuluka wokha, osatsatidwa ndi kanthu. Glenys anagwira dzanja la mwamuna wake, analitambasula, n'kugogoderapo khokolo. Sipanagwe n'kafumbi komwe.

"Ndi tiyi wakoyo. Imba."

Merv anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali. Munthu wina akanagwira foni. Koma Merv akapanikizika amafuna woti agwe naye.

"Chabwino, ine ndine chitsiru," anatero. "Nanga iwe? Mlonda wakhala m'chitini cha jamu pawindo apo masabata anayi. Unamuona. Ndinakuona ukum'nyamula popukuta fumbi, n'kum'bwezera momwemo. Mabokosi a Tegan walongedza ndi iwe, chimodzichimodzi, pa tebulo la kukhitchini. Pakamwa pako panali kuti?"

Mawuwo anam'lasa chifukwa anali oona. Anamuonadi mlondayo. Anaima naye m'manja tsiku lija n'kunena chamumtima kuti m'siyeni Merv, adzamva nkhwangwa ili m'mutu. Ankafuna kuti mfuti ya Merv idzatsokomole pamaso pa anzake, adzabwere kunyumba khosi litagwa, adzam'pemphe kuti abwerere pa kampando kake. Mkwiyo unam'tseka maso moti ngakhale polongedza mabokosi aja ankangoganiza za Merv, za Tegan osaganizako. Manyazi anam'gwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo manyaziwo anangokoleza moto.

"Ndinamuona," anatero. "Ndinkafuna uchite manyazi pamaso pa anzako. Zimenezo ndikayankha kwa mwana wanga, osati kwa iwe. Tapatuka."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Glenys anakalowa m'nyumba n'kuimba yekha, ataimirira pafupi ndi sinki.

"Mami!" Tegan anayankha m'kamwa muli chakudya. "Mwaimba kuti mundidalitse? Kuno kwacha bwino, kulibe ndi mphepo yomwe."

"Tamvera, mwanawe. Zipolopolo uli nazozo usawombe n'chimodzi chomwe."

Anam'fotokozera zonse osabisa: za mutu wotsakamira, za khoko lopanda kanthu, za kukakamira kakhumi, ndi za chitini cha jamu zomwe. Kumbali inayo kunkangomveka anthu akuseka chapatali ndi chimkuzamawu chikuitana mayina.

"Ndiye mwapeza ziwiri," anatero Tegan pamapeto pake. "Ine dzulo ndawomba makumi asanu poyesa mfuti, zonse zalira bwino."

"Tsoka silinunkha, Tegan. Zatsala mazana anayi ndi makumi asanu ndipo palibe akudziwa za m'kati mwake."

"Mami, ndadutsa chipululu cha Nullarbor ndekha masiku atatu. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, amene ndikupikisana nawo ndi atsikana oti ndikanawalera. Mwayi wina ine ndilibe. Ndizimvetsera chilichonse, ndikulonjeza."

"Bambo akonso amamvetsera. Lero anali atalowetsa kale china."

"Ine si adadi."

"Ndiwe bambo ako weniweni, kuuma mutu kwake komweko! Likang'ambika dzanja limenelo adzalisoka ndani? Timu ya dziko?"

"Masabata anayi munali chete," anatero Tegan, mawu ake atazizira. "Mabokosi munandipatsa ndi manja anu, n'kundipsompsona. Lero ndiye mwapeza pakamwa? Ndisiyeni ndiwombe."

Foni inaduka. Glenys anaimbanso katatu, koma sinayankhidwe. Anatukwana mawu amene sanawatulutsepo chikwatiwire, ndipo Merv, amene anali ataima pakhomo la khitchini ngati mlendo, anabwerera m'mbuyo pang'ono. Pa chitseko cha firiji panali pepala la mpikisano limene Tegan anamata yekha mwezi watha, ndipo m'munsi mwake munali nambala ya wamkulu woyang'anira. Glenys analizula.

"Glen, usatero," anatero Merv. "Akam'landa zonse. Sadzakukhululukira."

"Ndikudziwa."

"Tiye tiganize kaye. Mwina..."

"Kuganiza kwako ndi kumene kwadzaza chidebe chija. Khala chete."

Glenys anaimba nambalayo. Anayankha ndi bambo wa mawu otopa, amene zinkamveka kuti akuyenda pa miyala. Glenys anatchula dzina lake, dzina la mwana wake, n'kunena kuti zipolopolo za mwanayo zinachokera m'gulu limene mwapezeka zopanda onga.

"Mayi," anatero bamboyo ataima kuyenda, "mukudziwa kuti ndikangomva zimenezi sindingayerekeze ngati sindinamve? Ndikazitenga zonse pompano."

"N'chifukwa chake ndaimbira inu."

Tegan sanawombe. Anazungulira bwalo lonse kufunafuna zogwirizana ndi mfuti yake, sizinapezeke nthawi isanathe, ndipo dzina lake analifufuta. Zimenezi makolo ake anazimva kwa anthu ena a ku kalabu, chifukwa iye sanaimbe.

Sabata imeneyo Glenys ndi Merv anatsegula chidebe chonse. M'mawa ankalowa m'shedi, masana ankadya masangweji aliyense atayang'ana kwake, madzulo ankatuluka misana ikuwawa. Zopanda onga anapeza zisanu ndi ziwiri, ndipo Glenys anazindanditsa pawindo kuti Merv aziziona. Chogwetsa mitu chinangokhala pamwamba paja chili duu, chingwe chake cha magetsi chikulendewera. Merv anachepa thupi, n'kusiya kumeta ndevu, koma mkazi wake chisoni analibe. Mkwiyo wake unkangosinthasintha pofikira: m'mawa pa Merv, masana pa chimphika chija, ndipo akamasamba m'manja unkabwerera pa iye mwini.

Lachinayi masana galimoto ya Tegan inalowa pachipata, yofiira ndi fumbi la m'njira. Sanapereke moni. Anatsitsa mabokosi asanu ndi anayi, omangidwabe ndi tepi ya oyang'anira, n'kukawaunjika pa tebulo la m'shedi. Chidebe chija, chimene tsopano chinali chopanda kanthu, anachivundikira n'kukhalapo, manja atapinda pachifuwa.

"Tsegulani," anatero. "Zonse. Ndikuonerera."

"Tegan, mwana wanga, ine ndi amene..." anayamba Merv.

"Adadi, inu ndilankhula nanu tsiku lina. Gwirani kambale."

Glenys anatenga kanyundo. Chikhatho chake chinali ndi matuza a sabata yonse, ena ataphulika kale, koma sanadandaule. Bokosi loyamba, onga ulimo. Lachiwiri, ulimo. Tegan ankayang'ana khoko lililonse likamakhuthulidwa. Atafika bokosi lachisanu Glenys anazindikira chimene mtima wake unkachita: unkapempha kuti chipezeke chimodzi chopanda kanthu. Chimodzi chokha, choti am'patse mwanayo m'manja. Mayi wanji wopempherera kuti m'bokosi la mwana wake mupezeke ngozi, kuti iye aoneke wolungama? Anadzida kwambiri, n'kumenya chipika mwamphamvu mpaka chinang'aluka m'mbali.

Zinawatengera maola atatu. Chomaliza Merv anachikhuthula pang'onopang'ono, ndipo onga unagwera m'kambale ngati wa zinzake zonse. M'mabokosi a Tegan munalibe choipa n'chimodzi chomwe.

"Zonse zinali zabwino," anatero Tegan. "Ndikanawomba. Amene watenga malo omaliza m'timu ndam'gonjetsa kawiri chaka chino."

"Eya," anatero Glenys.

"Eya basi? Zaka zinayi, mami. Mwandiimitsa pamaso pa dziko lonse, bambo uja akunyamula mabokosi anga ngati ndaba. Ndiye mukuti eya?"

Glenys anaika kanyundo pansi. Ankafuna kum'kumbatira, ankafunanso kum'gwedeza mpaka mano alire.

"Za kukhala chete kuja, pepa mwananga. Ndinalakwa, ndipo ndidzafa nazo. Koma za foni usayembekeze kuti ndipepesa. Iwe sunkadziwa za m'kati mwake, ine sindinkadziwa, bambo akowa ndiye osanena. Zikadzachitikanso mawa, ndidzaimbanso."

Tegan anamuyang'ana nthawi yaitali, maso atafiira. Kenako anaimirira n'kutenga makiyi.

"Kuyambira lero zanga ndizidzaza ndekha," anatero. "Nonse awiri musadzandikhudzirenso chipolopolo."

Merv anakhala pansi pomwepo, pa simenti, kambale ka onga kali m'manja. Glenys anatsatira mwana wake mpaka pachipata. Tegan sanatsitse galasi, sanabayibitse. Mayi wake anaima padzuwa, chikhatho chikumuwawa, mtima ukadali wotentha, n'kumamuyang'ana akubweza galimoto kulowa mumsewu, manja ake onse awiri, athunthu, ali pa chiwongolero.